Nthawi yosamala thupi tiitenga kuti kuno kuchigwa cha Shire?

Make Tadala: Mwaswera bwanji abale nonse pagulu pano. Pepani ndilemba zambiri, nkhaniyi yandikhala pamtima. Lachiwiri lapitali ndinagwa pamsika pa Nchalo cha m'ma 1 koloko masana, ndili pakati pounjika tomato. Ndinangoona mdima, podzidzimuka anzanga akundithira madzi kumaso. Anandikweza njinga mpaka kuchipatala. BP, kuthamanga kwa magazi kuja, anaipeza yokwera, 172/104. Anamwino anandilangiza bwino ndithu: mankhwala tsiku lililonse, mchere chepetsani, muzigona mokwanira, muziyendako pansi, maganizo achepe. Ndinavomera zonse. Koma onani tsiku langa. Ndimadzuka 4 koloko kukaima pamzere kumjigo. Ndikabwera ndiphike phala, ana apite kusukulu, ndiwasambitse apongozi anga omwe miyendo inasiya kugwira. 6 koloko ndili pamsika, ndipo pabenchipo sindichokapo mpaka dzuwa kulowa. Kufika kunyumba ndi kuphika, mbale, zovala za ana. Ndimagona cha m'ma 11, nako kugonako n'kwa dzina ndi kutenthaku. Ndiye ndikufunsa ndi mtima wonse, nthawi yosamala thupiyo inu mumaitenga pati?

Aphunzitsi a pa Bangula: Pepani kwambiri Make Tadala. Tithokoze Mulungu kuti munagwera pa anthu. Mukupezako bwanji lero?

Make Tadala: Ndikupezako bwino aphunzitsi, kungoti mutu ukumalemera kunkhongoku dzuwa likakwera.

Zuze wa kabaza: Pepani mayi. Koma zina zimene amanena kuchipatalazi n'za anthu a m'tauni. Munthu wodzuka 4 koloko, wosenza ndowa ya malita 20, mukamuuzenso kuti azichita masewera olimbitsa thupi? Ife thupi timalilimbitsa ndi ntchito. Ine ndimapalasa kuchoka pa Bangula mpaka pa Phokera kangapo patsiku, wina adzandiuze chiyani za kuyenda pansi?

Namwino wa ku Ngabu: A Zuze, mbali ina mwanena zoona. Inuyo sindingakuuzeni zoyenda pansi, njinga yanu ikukwanira ndi kutsalako. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu azigwiritsa ntchito thupi mphindi zosachepera 150 pasabata, ndiye kuti mphindi 30 masiku asanu. Kulima, kutunga madzi, kupalasa njinga, zonsezo zimawerengedwa. Koma werenganinso zimene alemba mayiwa. Kuchokera 6 koloko m'mawa mpaka 6 madzulo ali pabenchi, maola 12 chikhalire, padzuwa la Okutobala. Kutopa ali nako kwambiri, koma kutopa ndi kulimba kwa thupi ndi zinthu ziwiri.

Ndipo a Zuze, BP sisankha kuti uyu ndi wa kabaza. Ndawayezapo abambo olimba ngati mtengo wa tsanya, osamva kupweteka paliponse, makina n'kuonetsa 160/100. Matendawa sachenjeza. Inu munayezetsa liti?

Zuze wa kabaza: Kunena zoona asisitala, chibadwire sindinayezetsepo.

Namwino wa ku Ngabu: Ndiye muyambire pamenepo. Pachipatala cha boma n'zaulere, ndipo kuyezako sikutha mphindi zisanu. Ikafika 140/90 kapena kuposa, n'kubwerezanso tsiku lina ili pomwepo, ndiye kuti vuto lilipo.

Zuze wa kabaza: Kuyezako mphindi zisanu, nanga mzerewo? Tsiku lathunthu lapita, kunyumba adya chiyani?

Aphunzitsi a pa Bangula: Apa a Zuze afunsa funso lomwe afunsa Make Tadala, kungoti mwa mawu ena. Tisalithawe. Kuno munthu akasiya ntchito tsiku limodzi, mphika sukhala pamoto.

Agogo a kwa Tengani: Mwalonga bwino nonse ana anga. Ndiloleni ndiyankhuleko, mdzukulu wanga akundilembera. Kutentha kwa kuno sikunayambe lero. Makolo athu ankakudziwa, n'chifukwa chake tsiku ankaligawa patatu. Tambala woyamba ali kumunda. Dzuwa likafika pamutu khasu pansi, munthu ali pansi pa mtengo wa bwemba, wamwa thobwa la mapira, wagona pamphasa. Likapendeka abwerera kudimba. Panalibe womunena kuti ndi mlesi. Lero ndikuona anyamata akumenya njerwa 1 koloko masana, amayi ali pamsika popanda ngakhale kamthunzi. Mwatenga nthawi ya ku Blantyre kuibweretsa kuchigwa. Kumtunda kuja kumazizira, kuno ayi.

Nkhani ya zakudya ndiye musandiyambe. Ife tinakula ndi nsima ya mapira ndi ya mchewere, ndiwo zake makakana a mu Shire, mlamba wowamba, nyemba, chitowe chosinja, masamba a sangowa. Masau ndi malambe tinkangotola. Nsima ya mapira ukadya m'mawa imakhala m'mimba mpaka madzulo. Lero mwana akaona nsima yofiira akuti ndi ya amphawi, akufuna yoyera mbee ya ufa wogula, ndi tiyi wa masupuni anayi a shuga.

Make Tadala: Takhuta, zikomo agogo. Zopuma masanazi zandikhudza. Pamsika nthawi ya 12 mpaka 2 koloko ogula amakhala ochepa ndithu, timangokhala kuyang'anira tomato akufota. Koma ukachokapo, benchi usiyira ndani?

Mai Esnati a nsomba: Usiyira ine mnzanga. Si ndili pafupi nawe pomwepo? Iwe upume 12 mpaka 1, ine 1 mpaka 2. Mitengo ya katundu wako ndimaidziwa, ya nsomba zanga umaidziwa. Tsiku lija unagwa ndine ndinakugulitsira mpaka madzulo, panasowa tambala?

Make Tadala: Sipanasowe kanthu mnzanga. Ndagwetsa misozi powerenga.

Bambo a Yohane: Ine ndimadula nzimbe, ndiye za dzuwa ndikuzidziwa. Ndingowonjezera za madzi. Ambirife timadikira ludzu, koma ludzu likamafika thupi lauma kale. Ine ndinaphunzira kuyang'ana mkodzo. Ukakhala wofiirira ngati tiyi, wochepa, ndiye kuti sindinamwe mokwanira. Uzikhala woyererako. Amayi ambiri apamsika samwa madzi dala poopa kuti chimbudzi chili kutali kapena n'cholipiritsa, zimenezo ndimaziona kwa akazi anga.

Make Tadala: Bambo a Yohane mwandigwira penipeni. Tsiku lija ndinali nditangomwa kapu imodzi ya tiyi chidzukire.

Namwino wa ku Ngabu: Pamenepo ndiye pali nkhani. Kuno Okutobala ndi Novembala kutentha kumaposa madigiri 40, thukuta limatuluka ngakhale utangokhala. Kusowa madzi m'thupi pakokha kumagwetsa munthu, ndipo kukachitika kawirikawiri impso zimavulala. Komanso Make Tadala, ena mwa mankhwala a BP amakodzetsa, choncho botolo la madzi lisachoke pabenchi panu. Mukamaimirira muziyamba mwakhala kaye tsonga, osadzambatuka.

Za mchere ndifotokozeko bwino, chifukwa ambiri amaganiza kuti ndi wothira mundiwo wokha. Muyezo wa munthu wamkulu ndi wosapitirira magalamu 5 patsiku, kasupuni kakang'ono ka tiyi kamodzi, kuphatikiza zonse zimene wadya tsikulo. Timakyubu tokometsera ndiwo tija tili ndi mchere wambiri. Nsomba zouma zothira mchere, tchipisi, soda amene timathira mu therere, zonsezo zimakweza BP. Nsomba ya mchere muziiviika kaye m'madzi, madziwo n'kutaya. Ndipo mbale ya mchere isamabwere pamphasa podyera.

Aphunzitsi a pa Bangula: Asisitala, nanga mijigo yathu ya madzi amchereyi? Kwathu ulipo wina ngakhale sopo sachita thovu. Tikawiritsa mcherewo umachoka?

Namwino wa ku Ngabu: Suchoka aphunzitsi. Kuwiritsa kumapha tizilombo, koma mchere umatsala, umachita kuwonjezekera madzi akamaphwera. Ngati m'mudzi muli mjigo wina wa madzi okoma, akumwa muzitunga kumeneko, amcherewo akhale ochapira ndi kusamba. Koma chonde musathawe mchere n'kukatunga mu Shire kapena m'zithaphwi osathira klorini. Kolera wa 2022 ndi 2023 tonse tikumukumbukira, ndiye pali likodzo, pali ng'ona.

Nambala yachilendo: Moni nonse. Ndili ndi mankhwala achilengedwe ochokera kunja, amachotseratu BP ndi shuga pa masiku 14 okha. Simudzamwanso mapilitsi. Ndipezeni kumbali.

Adimini: Uthenga wa malonda uwu ndauona ndipo mwiniwake ndamutulutsa. Pagulu pano pali odwala enieni, sitilola zimenezo.

Namwino wa ku Ngabu: Mwachita bwino a Adimini. BP siichoka pa masiku 14. Imatsika munthu akamamwa mankhwala ndi kusintha kadyedwe, akasiya imakweranso mwakachetechete. Ndinasamalirapo bambo wina amene anasiya mapilitsi chifukwa ankamva bwino, n'kuyamba zamabotolo zoterezi. Anabwera naye pangolo mbali imodzi itafa. Sangowa amene anena agogo ndi ndiwo yabwino kwambiri, idyani ndithu, koma salowa m'malo mwa mankhwala. Ndipo nonse sungani ichi: munthu akapindika kamwa mwadzidzidzi, dzanja kapena mwendo kufooka mbali imodzi, mawu osamveka, musamugoneke kuti muone mawa. Thamangani naye nthawi yomweyo.

Make Chisomo wa ku Makhanga: Ndakhala ndikuwerenga chete. Ine mchere ndinachepetsa kalekale, madzi ndimamwa. Changa ndi china. Chichitikire namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 sindigona. Madzi anatipeza usiku, tinakhala pamtengo ndi ana awiri mpaka kunja kunacha, mbuzi zonse zinapita, nyumba inagwa. Mu 2015 zinatichitikiranso, koma ulendo uno china chake chinathyoka mkati mwanga. Mitambo ikangoda kumapiri a ku Thyolo mtima umayamba kugunda ngati ng'oma. Mvula ikagwa pamalata usiku ndimadzutsa ana, kumanga katundu, ngakhale kunja kulibe madzi. Tsopano dzinja layandikira, ndayamba kale kuonda. Sindinauzepo munthu chifukwa amati ukuyenera kuthokoza kuti uli moyo. Ndimathokoza, koma tulo palibe.

Make Tadala: Mayi, mwachita bwino kunena. Ine ndimaona ngati mavuto ndili nawo ndekha.

Amayi a Mvano a ku Nsanje: Make Chisomo mwana wanga, pepa. Usadzione ngati wopanda chikhulupiriro. Ngakhale Eliya anatopa mpaka kugona pansi pa mtengo, ndipo mngelo sanamukalipire, anamupatsa chakudya ndi madzi n'kumusiya agonenso. Kwathu kuno amayi asanu ndi mmodzi amene tinali limodzi kukampu timakumana Lachinayi tikaweruka ku Mvano. Sitichita zambiri. Timakhala pansi pa mtengo, aliyense anene zimene zamuvuta sabata imeneyo, wina alire, tipemphere, timwazikane. Poyamba tinkachita manyazi. Pano ndikaphonya Lachinayi limodzi thupi limandiuza. Kwanuko sangasowe amayi awiri atatu amene nawonso sagona.

Namwino wa ku Ngabu: Ndikugwirizana ndi amayi. Make Chisomo, zimene mukumvazo zimachitikira anthu ambiri amene anaona zoopsa, si misala ndipo si kufooka. Ndi matenda ngati ena, ndipo thandizo lilipo. Pachipatala chachikulu cha boma lililonse pamayenera kupezeka wachipatala woona za matenda a maganizo, mukafunse ku Nsanje kapena muyambe mwauza alangizi a zaumoyo a m'dera lanu. Ngati ulendo wavuta, imbani ku Chipatala cha pa Foni, mulankhule ndi azaumoyo. Ndipo ngati tsiku lina maganizo ofuna kudzivulaza angakufikireni, musakhale nokha, uzani munthu nthawi yomweyo. Ndikulemberani kumbali madzulo ano.

Aphunzitsi a pa Bangula: Chimodzi chimene chinathandiza banja langa. Zikalata zonse, mabuku akuchipatala, ziphaso, tinaziika mu pulasitiki imodzi yomanga bwino, ili pamwamba pafupi ndi chitseko pamodzi ndi tochi. Tinagwirizananso kuti madzi akabwera tithawira kuti, ndani anyamula mwana uti. Mantha sanathe, koma akazi anga anasiya kudzuka usiku kumafufuza zinthu.

Make Chisomo wa ku Makhanga: Zikomo nonse. Ndapuma mpweya wina. Za pulasitikizo ndichita mawa lomwe.

Zuze wa kabaza: Nkhani ya mayiwa yandikhudza. Nanenso ndinene. Anyamata ambiri pasiteji tikaweruka timapita kokamwa kachasu kuti tulo tibwere, m'mawa n'kugula zakumwa zopatsa mphamvu zija kuti tipalase. Mnzathu wina tinamuika chaka chatha, zaka 34 zokha, anangotupa mimba ndi miyendo. Amuna sitikambirana izi. Ukanena kuti ndatopa amakuseka.

Bambo a Yohane: A Zuze, tulo ta mowa si tulo. Ine ndinasiya zaka zitatu zapitazo. Chinandithandiza ndi bawo. Madzulo ndikasamba ndimakakhala pabawo ndi madoda anzanga ola limodzi, ndalama yanga ili m'thumba, nkhani zikukambidwa pomwepo. Pabawo mwamuna amanena zimene sanganene kwina.

Mlongo wanu wa ku Johannesburg: Ndalowa mochedwa, ndinali kuntchito. Make Tadala achemwali, pali funso limene aliyense akulizungulira. Alamu athu ali kuti pa zonsezi? Mayi odwalawo ndi mayi awo. Madzi a 4 kolokowo njinga singatunge?

Mai Esnati a nsomba: Mwafunsa inu, ife tinaopa.

Agogo a kwa Tengani: Musamuweruze mwamuna asanalankhule. Koma ndinene ichi, kwathu kuno timalowola, ndiye ena amaganiza kuti ng'ombe zija zinagula wantchito. Ayi. Zinamanga ubale. Mkamwana akagwa, banja lonse lagwa.

Make Tadala: Sindikufuna kuwanena bambo a kunyumba, si munthu woipa. Amalima thonje ndi mapira kumunda wa kutali, amabwera atatheratu. Kungoti sitinakhalepo pansi kugawana ntchito. Zinangokhala kuti zapakhomo ndi zanga. Pagulu pano alipo, amawerenga koma salemba.

Bambo a Tadala: Ndilipo ndipo ndawerenga zonse kuyambira pamwamba. Zandipweteka, koma palibe bodza. Tsiku limene anagwa ndinaliona ngati tsoka la tsiku limodzi. Sindinawerengepo maola ake mpaka lero pamene wawalemba. Madzi ndizitunga ine panjinga, zigubu zinayi ulendo umodzi, ndisanapite kumunda. Za amayi ndilankhula ndi alongo anga a ku Ngabu kuti tizisinthana, mwezi kuno mwezi uko, kapena atitumizire mtsikana wawo wamkulu pa holide. Tadala ali ndi zaka 13, mbale angathe kutsuka, mng'ono wakenso.

Mlongo wanu wa ku Johannesburg: Alamu, ulemu wanu. Kumapeto kwa mwezi nditumiza ya zigubu ndi ya ambulera yaikulu ya pabenchi.

Aphunzitsi a pa Bangula: Mukatero ndiye kuti Make Tadala adzuka 5 koloko m'malo mwa 4, ndipo mbale zikachoka m'manja mwawo agona 10 isanakwane. Maola 7 akwana, amene ndi omwe munthu wamkulu amafunika. Koma za tulozi pali vuto lina la nyengo ino. M'nyumba za malata simugoneka, tonse tili panja pamphasa, ndipo neti imatsala m'nyumba. Kusukulu kwathu ana amene amajomba ndi malungo ambiri ndi ogona panja.

Namwino wa ku Ngabu: Neti ituluke nanu panjapo. Zikhomo zinayi kapena nthambi ya mtengo, m'mphepete mwake n'kupisa pansi pa mphasa. Udzudzu wa malungo umaluma usiku, sufunsa kuti uli m'nyumba kapena pabwalo. Kusamba madzi ozizira musanagone kumathandiza, ena amanyowetsa chitenje n'kufunda. Amene muli ndi ana aang'ono, Chikwawa ndi Nsanje anali m'gulu la maboma oyamba kulandira katemera wa malungo mu 2019, kafunseni kusikelo ngati mwana wamaliza. Katemerayo amachepetsa, sachotseratu, neti ikufunikabe.

Amayi, poti mwapita kale kuchipatala kukatenga mankhwala a BP, tsiku lomwelo pemphani akuyezeni shuga ndi khomo la chiberekero. Kuyambira zaka 25 mpaka 49 mayi aliyense akuyenera kuyezetsa. Ulendo umodzi, mzere umodzi, zinthu zitatu.

Zuze wa kabaza: Asisitala, bwanji tsiku lina mubwere ndi kamakina kanu pasiteji? Anyamata 30 mungawapeze pamodzi m'mawa. Kuchipatala sabwera amenewa, ndikuwadziwa.

Namwino wa ku Ngabu: Sindingalonjeze ndekha, ndiyenera kupempha akuluakulu anga ndi kulankhula ndi anzanga a mbali ya kwanuko. Koma maganizowo ndi abwino. Lankhulani ndi tcheyamani wa siteji, mundiuze tsiku limene simutanganidwa kwambiri.

Mai Esnati a nsomba: Ife a banki m'khonde timakumana Loweruka lililonse. Bwanji tigule makina athuathu a BP pa ndalama ya chithandizo ija? Tiziyezana tisanayambe kuponya masheya.

Namwino wa ku Ngabu: Zingatheke. Mugule a pamkono wa kumtunda, osati a padzanja pamene pamakhala wotchi. Munthu akhale pansi mphindi zisanu asanayezedwe, msana utatsamira, mkono uli patebulo, osalankhula. Manambala muzilemba mu kope ndi tsiku lake, popita kuchipatala muzinyamula. Koma makinawo asakhale dokotala, wina asasinthe mankhwala payekha chifukwa cha nambala.

Make Tadala: Abale, padutsa masiku asanu ndi anayi, ndabwera kudzanena mmene zikuyendera. Madzi akutunga ndi bambo, tsiku limodzi lokha njinga inaphulika ndiye ndinapita ndekha. Masana ndikumagona kuseri kwa sitolo ina pa chiguduli, Mai Esnati akundiyang'anira benchi. Masiku awiri oyamba tulo sitinabwere, ndinkangoganiza za tomato. Pano ndikumagona ndithu mpaka amachita kundidzutsa. Popita kumsika ndasiya kukwera kabaza, pepani a Zuze, ndikumayenda pansi kusanatenthe, ndi mphindi 25. Mchere ndiye nkhondo, ana akuti ndiwo sizikukoma, ndikumawonjezera anyezi ndi tomato wofota uja. Za apongozi sizinatheke, alamu anga akuti adikire akolole. Dzulo ndinakayezetsa, 150/94. Anamwino akuti ikadali pamwamba, ndipitirize mankhwala, ndibwerenso pakatha milungu iwiri.

Make Chisomo wa ku Makhanga: Ine ndapeza amayi atatu. Tikumana mawa pansi pa mtondo wa kutchalitchi. Usiku wa Lolemba kunagunda mabingu, ndinadzuka, ndinagwira pulasitiki ija, koma ana sindinawadzutse.

Zuze wa kabaza: Tcheyamani wavomera Lachitatu, 6 koloko m'mawa. Asisitala, anyamata akufunsa ngati ayenera kubwera osadya.

Namwino wa ku Ngabu: Pa BP adye, palibe vuto. Koma fodya, khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu zija asakhudze kwa mphindi 30 asanayezedwe. Mundipezere benchi ndi tebulo pamthunzi.